Momwe mungaphunzitsire mwana ngoma osamusokoneza mutu

Umhlangano wa Angoni wa ku Nkolimbo ukamayandikira, madzulo m'midzi ya ku Ntcheu kumamveka mididi ya anyamata ophunzira gule wa ngoma. Pagulu lililonse sipalephera mmodzi wodziwa bwino chotsatira chinzake, phazi, chishango, kutembenuka, koma amaponda pansi anzake ataponda kale. Palinso wina amene amaponda pa nthawi yake, koma amatembenuka pomwe anayenera kukweza chibonga. Tonse timangowakalipira mofanana kuti sakumvetsera. Komatu awa ndi mavuto awiri osiyana.

Mu 2023 gulu la Katja Kornysheva, la m'mayunivesite a Birmingham ndi Bangor ku Britain, linaunika ubongo wa anthu amene ankagogoda mabatani ndi zala motsatira ndondomeko yoloweza. Linapeza kuti munthu akamakonzekera, ubongo umasunga ndondomeko payokha ndi nthawi payokha, n'kuzilumikiza pomwe wayamba kuchita. Nanga ife timaphunzitsiranji zonse pakamodzi?

Yambani ndi ndondomeko yokha. Nyimbo ayi, kuwomba m'manja ayi. Mwanayo achite pang'onopang'ono ngati nkhalamba, akutchula pakamwa chimene akuchita: phazi, chishango, tembenu. Musamuthamangitse ngakhale zikuoneka zosakoma. Mu 1994 Jun Tanji ndi Keisetsu Shima a ku Japan anaphunzitsa anyani kukankha, kukoka ndi kupotokola kachitsulo mosinthasintha ndondomeko. Pamwamba pa ubongo, chapakatikati, anapeza maselo ena amene ankagwira ntchito pokhapokha nyani akamachoka pa kukankha kupita pa kukoka, osati pa kukankha kulikonse. Ndiye kuti "chotsatira n'chiyani" ndi phunziro palokha, lofuna nthawi yakeyake.

Kenako dulani gule yense m'tizigawo ta mayendedwe atatu kapena anayi. M'kati mwenimweni mwa ubongo muli mbali yotchedwa basal ganglia, imene imamanga zochita zingapo kukhala mtolo umodzi. Ann Graybiel wa ku yunivesite ya MIT ku America anaziona pa makoswe: akazolowera njira, maselo a mbali imeneyi amachangamuka kwambiri poyambira ndi pothera, pakati n'kukhala phee. N'chifukwa chake mayi wodziwa kusinja saganizira za musi, amasinja akucheza.

Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa, ndipo inenso ndinalakwitsapo zaka zingapo. Mwana akaphonya timati, "Yambiranso poyamba!" Mapeto ake chiyambi amachidziwa ngati dzina lake, koma polumikizira tizigawo amapunthwa tsiku ndi tsiku. Mtolo umodzi ukatha, ubongo umafunika kutola wina, ndipo mpata umenewo ndiwo wovuta. Choncho muyambitseni pa kuyenda komaliza kwa chigawo choyamba, alowe m'chachiwiri, aime. Abwereze pomwepo mpaka msoko usaonekenso.

Tsopano nthawi. Mukhazikeni pansi, chishango achisiye. Amayi kapena anzake aimbe nyimbo, iye aziwomba m'manja pamalo pomwe phazi liyenera kugunda, basi. Ntchito imeneyi imadalira kwambiri cerebellum, kaubongo ka kunkhongo. N'kakang'ono, koma mwa maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni a mu ubongo wa munthu, pafupifupi 69 biliyoni ali m'menemo. Ntchito yake ndi kulosera: phazi linyamuke liti kuti lifike pansi limodzi ndi mawu a nyimbo. Ndi kameneka kamene kachasu amakasokoneza, munthu n'kumadzandira ngakhale njira ya kwawo akuidziwa.

Muletseni kuyang'ana mapazi a mnzake. Wodikira kuona kaye amachedwa nthawi zonse, chifukwa uthenga uyenera kuchoka m'maso, kufika mu ubongo, kenako kutsikira kumwendo. Katswiri wa za ubongo Karl Lashley ananena kale mu 1951 kuti zala za woimba piyano zimathamanga kwambiri moti sizingadikire kumva chala china chisanatsike, ndondomeko imakhala itakonzedweratu. Wovina ngoma nayenso aponde ndi khutu.

Ziwirizi zikakhazikika, zilumikizeni, koma nyimbo iyambe mozizira. Liwiro muzikweza pokhapokha wadutsa kangapo osaphonya. Akayamba kusokoneza ndondomeko, bwererani pa liwiro la dzulo. Akamachedwa koma ndondomeko ili bwino, bwererani ku kuwomba m'manja.

Muzimupumitsa pafupipafupi. Kafukufuku wa mu 2019 wa bungwe lofufuza za umoyo la NIH ku America anapatsa anthu masekondi 10 oyeserera kugogoda zala ndi masekondi 10 opuma, ndipo kupita patsogolo kwawo koyambirira kunkaoneka makamaka pambuyo pa kapumulo aka. Tulonso timathandiza. Mu 2002 Matthew Walker ndi anzake ku yunivesite ya Harvard anapeza kuti anthu amene anagona usiku ataphunzira kugogoda zala anadzuka akuthamanga ndi pafupifupi 20 peresenti kuposa dzulo lake, pomwe amene anangokhala maso masana kwa maola ofanana sanasinthe kwenikweni. Kunali kugogoda zala, osati ngoma, komabe ine ndimaona kuti kanthawi kochepa madzulo aliwonse kamaposa kuvinitsa ana Loweruka lonse mpaka miyendo kuwawa. Chizolowezi chochezera usiku wonse mawa lake kuli mwambo chija ndiye musiyiretu.

Zovala ndi zida zibwere masiku akadalipo. Chishango chili ndi kulemera kwake, ndipo dzanja lozolowera kukwera lopanda kanthu limachedwa likanyamula katundu.

Tsiku lenilenilo, mwana akalowa m'bwalo, inu tsekani pakamwa. Mukakuwa kuti "Kweza phazi!" mumamubwezera ku kuganizira chiwalo chimodzichimodzi, mtolo uja n'kumasuka. Ngati mukufuna kumuthandiza, imani kumene ali amayi, muziimba nawo mokweza.