Denga limodzi, mabanja awiri

Nyumba yathu ku Area 25 ndi yogundizana ndi ya aneba, denga n'limodzi. Mvula itafika pachimake mu Januwale, kunkadontha kwathu kokha, choncho aneba anakana kusonkha ndalama zokonzera denga: "Kwathu sikudontha, achimwene."

Sindinalimbane nawo. Ndinaitana kalipentala, n'kuwapempha kuti akwere nafe padenga. Anadzionera okha. Malata a pamalire anali atachita dzimbiri, misomali itazuka, ndipo thabwa lowolalo linali lomwelo lodutsa pamwamba pa chipinda cha ana awo. Madzi ankangolitsata n'kudzagwera kwathu.

Tinalemberana pamaso pa amfumu a m'dera lathu: malata, misomali, thabwa ndi malipiro a kalipentala tigawana pakati, siling'i yonyowayo ndikonza ndekha. Gawo lawo analipira m'zigawo ziwiri, mwezi ukatha, ndipo sindinawakakamize.