Kusamala thupi kwa eni: dzuwa, mbaula, mchere ndi malungo

Kumudzi thupi limalandira zambiri zaulere mwini wake osazindikira. Dzuwa limawomba chaka chonse, kumsika ndi kuchigayo timapita wapansi, ndipo nkhwani kapena chisoso sizisowa pa mbale. Munthu akangofika ku Joni kapena ku Mangalande zonsezi zimaduka nthawi imodzi. Pakatha miyezi amayamba kudandaula kutopa, kuphwanya m'thupi ndi kusowa tulo. Zimene kwathu zinkabwera zokha, kuno muyenera kuzifunafuna.

Tiyambe ndi dzuwa. Ku Britain, kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Malichi, dzuwa limakhala lofooka moti khungu silitha kupanga vitamini D wokwanira, amene amalimbitsa mafupa ndi minofu. Mu Disembala ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye amene mumagwira shifiti ya usiku kosamalira okalamba mutha kumaliza sabata osaliona. Khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange vitamini ameneyu, n'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kumeneko, amalangiza anthu ngati ife kuganizira zomamwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse, chaka chonse. Mapiritsi ake ndi otchipa, amapezeka ngakhale m'supamaketi. Mazira ndi nsomba zamafuta, monga sardines za m'chitini, zimathandizako, koma pazokha sizikwanira.

Ku Johannesburg dzuwa ndi lambiri, vuto ndi usiku wa Juni ndi Julaye. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuzizira kwa m'bandakucha kumaposa kwa ku Dedza. Apa ndi pomwe abale athu amalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kugona. Chonde musatero. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha komanso suoneka. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako munthu amakomoka ali m'tulo. Wothani moto chitseko chili chotsegula, ndipo musanagone mbaula ituluke panja, ngakhale makala akuoneka kuti azima. Bulangeti lachiwiri, masokosi, chipewa ndi botolo la madzi otentha zimakufikitsani m'mawa. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri, choncho imwani madzi ngakhale ludzu palibe, ndipo dzolani Vaseline mukangosamba.

Pa zakudya, mdani wamkulu ndi mchere wobisika. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Koma polony, manudulo a m'paketi, tchipisi ndi timakyubu tokometsera ndiwo zimakhala ndi mchere kale inu musanathire wanu. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka, ambiri amadziwa atagwa kale sitiroko. Kayezetseni BP kukiliniki, ndipo ku England mafamase ambiri amayeza ulere anthu azaka 40 kupita m'tsogolo.

Nsima musaisiye, ingochepetsani mitanda ngati tsiku lonse mumakhala pampando. Ndiwo zakwathu zili ndi zolowa m'malo. Morogo wa ku Joni nthawi zambiri ndi bonongwe yemweyu, ndipo kumsika wa ku Yeoville mupezako masamba ndi nsomba zouma. Ku Britain masamba otchedwa "kale" ndi "spring greens" amaphikika ngati mpiru, therere limapezeka m'mashopu a amwenye, ndipo chiponde chopanda shuga chimatendera bwinobwino pamene nsinjiro palibe. Nyemba ndi zotchipa kulikonse. Kuyenda nako musakuiwale: mphindi 150 pa sabata, kutsika basi siteji imodzi musanafike n'kokwanira kuyambirapo.

Chimfine chikakugwirani, madzi ofunda a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa pakhosi. Khanda losakwana chaka musalipatse uchi. Ine zitsamba sindizinyoza, tinakulira zomwezo, koma mabotolo ogulitsidwa pa Facebook olonjeza kutsuka magazi ndi kuchiza shuga ndimawakayikira kwambiri. Ngati muli pa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga, musasiye, ndipo funsani wa kufamase musanaphatikize ndi chitsamba chilichonse. Cha St John's wort, chogulitsidwa poyera ku Britain, chimafooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chokhala ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, n'chofunika kuyezetsa TB. Ku England kulembetsa kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, ndi kwaulere, ndipo safunika kuona mapepala anu okhalira m'dzikomo.

Nkhani ya malungo ndiyo matchona ambiri amaiphonya. Mukakhala zaka kunja, chitetezo chimene thupi linazolowera polumidwa ndi udzudzu chimachepa, ndipo ana obadwira kunja alibiretu. Pokonzekera ulendo wa Khirisimasi, nthawi imene mvula yayamba ndipo udzudzu wachuluka, funsani mankhwala oteteza kudakali masabata angapo, ndipo kumudzi gonani m'neti ngakhale abale akusekeni kuti mwasanduka mzungu. Mukabwerako thupi n'kutentha, ngakhale patapita miyezi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mawu oyamba akhale akuti munali ku Malawi, chifukwa dokotala wa ku Leeds sangaganize za malungo ngati simunamuuze.