Momwe mungalowere ntchito ya uinjiniya wa madzi muli ku Joni

Johannesburg inamangidwa pamtunda wa mamita oposa 1,700 chifukwa cha golide, palibe mtsinje waukulu pafupi. Madzi amene timatunga pampopi ku Rosettenville kapena ku Turffontein amachokera ku damu la Vaal, ndipo ena amachita kutsika kumapiri a Lesotho kudzera m'ngalande zapansi. Rand Water, yomwe inakhazikitsidwa mu 1903, imawayeretsa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging n'kuwapopa chokwera, kenako Johannesburg Water ndiyo imagawa m'makomo. Wa ku Blantyre sangadabwe, poti nayenso amamwa opopedwa kuchokera ku Walker's Ferry. Ntchito yonseyi imafuna anthu ophunzira, ndipo mwana wa Mmalawi akhoza kulowamo ngati mapepala ake ayenda mwadongosolo.

Choyamba, sankhani njira, chifukwa zilipo ziwiri. Injiniya amakonza mapulani a mapaipi, mapampu, madamu ndi malo oyeretsera madzi. Hydrologist amawerengera madziwo: mvula yagwa yochuluka bwanji, yalowa pansi ndi ingati, mtsinje usefukira mpaka pati, damu lipirira zaka zingati za chilala. Wa madzi apansi amatchedwa geohydrologist, ndipo kuno ali ndi chochita, poti migodi yakale ya golide imatulutsa madzi a asidi ofunika kupopa ndi kuyeretsa.

Chachiwiri ndi cha makolo, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwa. Mwana amasankha maphunziro kumapeto kwa Grade 9. Akatenga Mathematical Literacy m'malo mwa Mathematics, khomo la uinjiniya latsekeka pomwepo, ngakhale adzakhoze bwanji matric. Pafunika Mathematics ndi Physical Sciences. Aphunzitsi ena amakankhira ana ku Maths Lit kuti sukulu ioneke yokhozetsa, ndiye pitani mukaone nokha fomuyo musanasaine. Amene anaphunzira kumudzi ku Malawi adzafunika chikalata cha exemption, chomuloleza kuyamba digiri kuno, kuchokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa. Funsani msanga, musangodalira MSCE yokha.

Chachitatu, sukulu. Ku Wits kuli digiri ya civil engineering ya zaka 4. Ku UJ (University of Johannesburg) kuli ya zaka 4 komanso BEngTech ya zaka 3 ku Doornfontein. Za hydrology zimadziwika kwambiri ku University of KwaZulu-Natal ku Pietermaritzburg, ndipo za madzi apansi ku Institute for Groundwater Studies ku Bloemfontein. Wobwera pa study visa asayembekezere NSFAS, thandizo la ndalama za sukulu lochokera ku boma, komanso adzafunsidwa medical aid ya kuno.

Ngati digiri muli nayo kale ya ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena LUANAR, yambani ndi SAQA, bungwe la boma lounika mapepala a maphunziro, kuti aiyese n'kunena mlingo wake. Tumizani makope otsimikizidwa ndi transcript yonse. Zimatenga nthawi, choncho musadikire kuti ntchito ipezeke kaye.

Chachinayi ndi kulembetsa ku bungwe la akatswiri. Mainjiniya amapita ku ECSA, bungwe la mainjiniya, ma hydrologist ku SACNASP, bungwe la asayansi. Ku ECSA mumayamba ngati candidate, n'kugwira ntchito zaka zosachepera 3 pansi pa injiniya wolembetsedwa, musanapemphe dzina la katswiri wolembetsedwa, Pr Eng kapena Pr Tech Eng. South Africa ili mu Washington Accord, mgwirizano wa mayiko wovomerezana madigiri a uinjiniya, pomwe Malawi mulibe, n'chifukwa chake digiri ya kumudzi ECSA imayamba yaiunika payokha, ngakhale SAQA itavomera kale. Pa zaka za u-candidate muzilemba ntchito iliyonse imene mwagwira, mulangizi wanu azisainira. Wosalemba amadzavutika kukumbukira zakale pamene lipoti likufunika. Kulembetsa kumeneku ndi komwenso Home Affairs imafuna kwa wopempha critical skills visa.

Podikira mayankho, phunzirani EPANET, HEC-RAS ndi QGIS. Onsewa ndi aulere pa intaneti: woyamba ndi wa mapaipi, wachiwiri wa mitsinje ndi kusefukira kwa madzi, wachitatu wa mamapu. Laisensi yoyendetsera galimoto nayo musaipeputse, poti malo oyezera madzi sakhala m'tauni.

Pomaliza, kusaka ntchito. Tinene zoona: ku boma ndi kumakhonsolo amayamba aganizira nzika, ndiye wa pasipoti ya Malawi ayang'ane kwambiri makampani a consulting, migodi ndi makontrakitala. Gawo lachiwiri la Lesotho Highlands Water Project, lomanga damu la Polihali, likupitirira, ndipo mapaipi okalamba a mumzinda muno akuphulika tsiku ndi tsiku. Lowani SAICE (bungwe la ma civil engineer) kapena WISA (bungwe la akatswiri a madzi) mukadali pasukulu, muzipita kumisonkhano yawo, chifukwa alangizi olembetsedwa amene angakusainireni malipoti a ECSA mukawapeza kumeneko.