Momwe mungadziwire ngati molekyulu ndi ya polar

Kukhala polar ndi pamene maelekitironi akokeredwa kwambiri mbali imodzi kuposa inzake. Ophunzira kemisitiri ambiri akangoona kuti mabondi (zolumikiza maatomu) ndi a polar, amathamangira kunena kuti molekyulu yonse ndi ya polar. Chimene chimagamula nkhaniyi ndi kaumbidwe ka molekyuluyo.

Yambani ndi kujambula chithunzi cha Lewis, chomwe chimaonetsa maatomu, mabondi awo ndi maelekitironi akunja. Pa atomu yapakati, musaiwale maelekitironi awiriawiri ongokhala, amene sali mu bondi iliyonse.

Kenako onani mphamvu yokoka maelekitironi ya atomu iliyonse pa sikelo ya Pauling: haidirojeni 2.20, kaboni 2.55, naitirojeni 3.04, kolorini 3.16, okosijeni 3.44, fulorini 3.98. Maatomu awiri olumikizana akasiyana kupitirira 0.4, bondiyo itengeni kuti ndi ya polar, ndipo lembani kamuvi kolozera ku atomu yokoka kwambiri. Bondi ya C–H musavutike nayo, kusiyana kwake ndi 0.35 basi.

Tsopano pezani kaumbidwe potsatira lamulo la VSEPR: magulu a maelekitironi pa atomu yapakati amakankhana mpaka atatalikirana momwe angathere. Magulu awiri amakhala pa mzere wowongoka, madigiri 180. Atatu, madigiri 120. Anayi, madigiri 109.5. Maelekitironi ongokhala aja amawerengedwanso ngati gulu, ndipotu amakankha kwambiri kuposa bondi.

Chomaliza, phatikizani mivi ija ngati anthu okokana chingwe. Mu CO₂ maokosijeni awiri amakoka mofanana, uyu uku uyu uko, ndiye dipole moment yake, kutanthauza kukoka kotsala mivi ikaphatikizidwa, ndi 0: molekyuluyo si ya polar. Madzi nawonso ali ndi maatomu atatu, koma okosijeni ili ndi magulu awiri ongokhala amene amapinda molekyuluyo kufika pa madigiri 104.5. Mivi siifafanizana, ndipo zotsatira zake ndi 1.85 debye (muyeso wa dipole moment): madzi ndi a polar. CCl₄ imapereka 0 chifukwa makolorini anayi amakoka mofanana mbali zonse. Mukachotsa imodzi n'kuikapo haidirojeni, CHCl₃ imakhala ya polar.

Chenjerani ndi NH₃ ndi NF₃. Kaumbidwe n'kamodzi, koma NH₃ ili ndi 1.47 debye pomwe NF₃ ili ndi pafupifupi 0.2. Mu NF₃ mivi imalozera ku fulorini, motsutsana ndi gulu longokhala la naitirojeni.

Pepala nalonso limanamiza. Mukajambula CH₂Cl₂ ngati mtanda, kolorini kumanja ina kumanzere, imaoneka ngati mivi yafafanizana. Molekyuluyo si yafulati: makolorini amakhala mopendekera mbali imodzi, ndipo dipole moment yake ndi 1.60 debye. Mukakayikira, umbani molekyuluyo ndi timipira ndi timitengo muione bwino.