Momwe mungamwetsere mbuzi mankhwala a nyongolotsi a albendazole

Mvula ikayamba kuno ku Blantyre, mbuzi zimene zimadya m'madambo a ku Lunzu ndi ku Chileka zimagwidwa nyongolotsi msanga. Muziona zikuwonda, zikutsekula m'mimba, zina zikutupa pansi pa chibwano. Ine ndimazimwetsa albendazole, mankhwala opangidwa m'fakitale amene anthunso amamwa ngati piritsi la 400 mg, koma a ziweto amene ndimagula ine amabwera amadzi, oyera ngati mkaka.

Gulani m'sitolo ya mankhwala a ziweto yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, botolo likhale lomata ndipo tsiku lothera mphamvu lizioneka bwino. Mitengo yakwera ndithu, komabe ndi bwino kusonkherana ndi anzanu botolo limodzi kusiyana ndi kugula otapa mumsika.

Apa m'pamene ndinalakwitsa chaka china. Albendazole alipo wa 10% ndi wa 2.5%, ndipo kwa maso amafanana. Mu 1 ml ya wa 10% muli 100 mg, pamene mu wa 2.5% muli 25 mg yokha. Mlingo umene ndimatsata ndi 10 mg pa kilogalamu, choncho mbuzi ya makilogalamu 20 imafuna 2 ml ya woyambayo, kapena 8 ml ya wachiwiriyo. Munthu wina ku Limbe anandithirira m'kabotolo kopanda pepala n'kunditsimikizira kuti ndi wamphamvu uja, ine n'kumwetsa 2 ml iliyonse. Patapita masabata atatu, kamwana ka mbuzi kamodzi ndinakapeza katagona pakhomo pa khola, zikope zake mkati zili mbee, ndipo sikanadzukenso. Mlangizi wa ziweto anandiuzanso kuti mlingo wochepa umazoloweretsa nyongolotsi mankhwalawo.

Choncho yezani mbuzi iliyonse, musamangoyerekeza. Thumba lodutsa pansi pa mimba ndi sikelo yopachika yoyezera chimanga zimakwanira.

Khutchumulani botolo, kokani ndi sirinji yopanda singano, ndipo mulowetse m'mbali mwa kamwa pamwamba pa lilime, pang'onopang'ono, osakweza mutu kwambiri kuopa kuti angalowe m'mapapo. Mbuzi imene yangokweredwa musaimwetse m'mwezi woyamba wa bere, chifukwa mankhwalawa amapundula mwana. Za masiku odikira musanaphe kapena kukama, werengani pa botolo lanulo.