Mwana akunenepa kwambiri? Yambani ndi ndalama ya pa buleki

Makolo anzanga, mwana wa kusekondale akayamba kunenepa mopitirira, ambiri timathamangira kumuchepetsera nsima. Funsani kaye kuti ndalama imene mumamupatsa m'mawa imathera kuti. Nthawi zambiri ndi tchipisi cha pachiwaya, mandasi awiri, n'kutsitsira chakumwa chozizira. Botolo la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Atathira shuga wochuluka choncho mu tiyi inu mukuona, mukhoza kumulanda supuniyo.

Mulongedzereni mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi botolo la madzi. Madzulo nkhwani kapena bonongwe zizichuluka m'mbale, mafuta pang'ono. Koma kadyedweka kakhale ka banja lonse. Mukamupatsa masamba yekha enanu mukudya soseji, adzakadyera kwa anzake mobisa, ndipo kumutchula mayina onyoza kunenepa kwake kumangomupweteka mtima.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse. Sizilira jimu. Mpira, jingo, fulaye, kupalasa njinga popita kuchigayo, zonsezi zikuwerengedwa. Foniyo ingotsala pa tebulo mpaka abwereko.