Mmene Mungakhalire pa Chishalo Kuti Kavalo Akumveni

Kuno ku Tete akavalo ndi osowa, pakuti kashembe wa m'chigwa cha Zambezi amawapatsa matenda, ndipo ambirife tinazolowera abulu ndi ng'ombe zapangolo. Komabe amene wapeza mwayi wokwera kavalo, kaya kumapiri ozizira a Angónia kapena kwina, apindula ndi zimene masewera a dressage amaphunzitsa. M'masewerawa, amene analowa mu Olimpiki mu 1912 ku Stockholm, kavalo amayenda, kukhota ndi kuima m'bwalo la mamita 20 m'lifupi ndi 60 m'litali, owonerera osaona n'komwe pamene wokwerayo wamulamula, chifukwa malamulo ambiri amachokera m'chiuno ndi m'miyendo.

Mukakwera, khalani pakati penipeni pa chishalo, ndipo mumve mafupa awiri a m'matako mwanu atatsamira mofanana. Kavalo amamva ntchentche ikatera pakhungu pake, choncho sangalephere kumva munthu wamkulu atapendekera mbali imodzi. Mukalemetsa kumanzere, iye amapatukira komweko kuti akuchirikizeni, kapena amaumitsa msana, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amamukoka pakamwa kumulanga pa cholakwa chimene chili chawo.

Khutu, phewa, chiuno ndi chidendene zikhale pamzere umodzi wotsika pansi, moti kavaloyo atachotsedwa mwadzidzidzi, inu mungatsale chiimire. Mukatambasulira mapazi kutsogolo, thupi limagwera kumbuyo kwa chishalo, kufupi ndi pamene nthiti zathera, pomwe msana wa kavalo ndi wofooka. Iye amaubweza msanawo pansi n'kudzutsa mutu. Mukawerama, mumawonjezera katundu pamiyendo yakutsogolo, imene imanyamula kale pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a kulemera kwake, pamene cholinga cha dressage ndi chakuti miyendo yakumbuyo isenze zambiri.

Kuwongoka kumeneku sikutanthauza kuuma. Taonani mayi wosenza mtsuko wa madzi pochokera kudambo: khosi ndi msana zili njo, koma chiuno chikuyenda momasuka, ndipo madzi sakutayika. Inunso chiuno chanu chizitsatira kugwedezeka kwa msana wa kavalo, ntchafu zitagona pachishalo popanda kupana ndi mawondo, pakuti kupana kumakunyamulani m'mwamba n'kutsekereza mapewa a kavalo. Zigongono zikhale zofewa pafupi ndi nthiti zanu kuti manja ogwira zingwe zowongolera asamagwedeze chitsulo cha m'kamwa mwa kavalo.

Pofuna kuima, tulutsani mpweya, limbitsani mimba pang'ono, chiuno chileke kutsatira, kenako mufumbate zingwe mwaulemu ndi kumasula akangoima. Pokhota, yang'anani kumene mukupita, mapewa anu atembenuke pamodzi ndi ake, mwendo wamkati, wa mbali imene mukukhoterayo, ukhale pa lamba wa chishalo ndipo wakunja ubwerere m'mbuyo pang'ono.

Njira yabwino yophunzirira ndi yomwe sukulu yakale ya akavalo ya ku Vienna imatsata mpaka lero: mphunzitsi amagwira kavalo ndi chingwe chachitali n'kumamuzungulitsa, wophunzira atakhala popanda zingwe m'manja ndiponso popanda zopondera mapazi, kufikira ataleka kudalira manja. Valani chipewa cholimba pochita zimenezi. Pemphaninso mnzanu akujambuleni ndi foni ali kumbuyo kwanu, chifukwa munthu wopendekera nthawi zambiri amadzimva kuti ali wowongoka, ndipo kanemayo ndi amene angakusonyezeni phewa limene latsika.